Zala zanga sizinkafika pa buleki ya njinga ya mpikisano

Ndine mayi wamfupi, wa masentimita 152, ndipo manja anga ndi aang'ono moti magolovesi ndimavala a saizi yotsika kwambiri. Ndimakhala ku Zomba. Ndalemba izi poganizira amayi anzanga, atsikana ndi anyamata achichepere amene ayamba kukwera njinga za mpikisano, zija za matayala opyapyala ndi handulo yopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Ine ndinathyoka dzanja, ndinamwaza ndalama pa zipangizo zosagwirizana ndi njinga yanga, ndipo panatha miyezi 10 ndisanatsikenso phiri mtima uli m'malo. Gwero la zonsezi linali kampata kakang'ono pakati pa nsonga ya chala changa ndi liva ya buleki.

Njingayo ndinagula mu Malichi 2023 ku Limbe, pa shopu ina ya njinga zakale zochokera kunja. Ndinalipira K380,000, ndalama yomwe ndinaisonkha kwa miyezi yambiri ku banki mkhonde. Felemu inali yaing'ono, yondikwana bwino, ndipo ndinasangalala kwambiri chifukwa felemu zazing'ono sizipezekapezeka. Ndinayang'ana zomwe aliyense amayang'ana: matayala, tcheni, chishalo, ngati felemu ili ndi mng'alu. Mabuleki ndinawayesa nditaima pambali pa njinga, n'kufinya liva ndi dzanja lonse. Anagwira, ndinalipira. Apa ndiye ndinalakwa koyamba. Ukaima pambali, dzanja limatha kufikira liva kuchokera kulikonse. Ukakwera, chikhatho chimakhala chitasenza thupi lako ndipo sichisuntha, zala zokha ndizo ziyenera kutambasuka kukakola livayo. Ndikanakwera, wina n'kundigwirira njinga, ndikanaona tsiku lomwelo kuti sizikufika.

Kwa amene mwazolowera njinga yakumudzi kapena ya kabaza, ndifotokoze pang'ono. Pa njinga ya mpikisano liva imodzi imagwira ntchito ziwiri. Ukaikokera kwa iwe ndi buleki, ukaikankhira cham'kati imasintha giya. Kampani ya Shimano inayamba kugulitsa maliva otere mu 1990, Campagnolo inatsatira mu 1992, SRAM inabwera ndi ake mu 2006. Poti makina osinthira magiya ali m'mutu mwa livayo, mutuwo umakhala wonenepa, wokutidwa ndi labala. Okwera njinga amati ma hood, ndipo ndi pomwe dzanja limakhala nthawi yambiri. Kunsi kopindika kuja amati ma drop. Potsika phiri uyenera kugwira ku ma drop, chifukwa kumeneko chala chimakoka kunsonga kwa liva komwe mphamvu yochepa imagwira buleki kwambiri, komanso dzanja silingasomphoke ukagunda bampu. Ine ndikagwira ku ma drop, chala cha mkombaphala chinkangokhudza liva ndi nsonga, osaikola. Kuti ndiikole ndinkayenera kumasula chikhatho n'kupendeketsa dzanja lonse. Ndiye ndinangosiyiratu kugwira kumeneko.

Miyezi yoyamba ndinkakwera Loweruka m'mawa ndi anzanga angapo, onse amuna, kulowera ku Thondwe ndi ku Namadzi kapena mbali ya ku Domasi. Misewu imeneyo ilibe mitsetse yoopsa, choncho buleki ya pa ma hood inkandikwanira. Koma tikayenda ola limodzi, chala chaching'ono ndi cha mphete zinkachita dzanzi, nthawi zina mpaka madzulo. Ndikadandaula anzanga ankati, "Muzolowera asisi, tonse tinayamba choncho." Sankanama, iwo anazoloweradi, koma manja awo ankazinga mutu wa liva wonse zala n'kutsalako. Patapita nthawi ndinadzamva kuti dzanzi la zala ziwiri zimenezi limabwera mtsempha wotchedwa ulnar ukapanikizika pachikhatho. Kwa ine unkapanikizika chifukwa ndinkakankhira dzanja kutsogolo ndi kulipotoza kuti zala zikhale pafupi ndi buleki.

Pofuna kuthana ndi dzanzilo ndinachita chinthu chomwe chinawonjezera vuto. Ndinagula tepi ina n'kukulunga pamwamba pa yakale kuti handulo ifewe. Inafewadi, koma inanenepa, ndipo handulo ikanenepa zala zimathera pozinga handuloyo. Kampata kaja kanakula. Wa manja aang'ono tepi yochindikala si bwenzi lake, makamaka kunsi kwa liva.

Tsiku la ngozi linali Loweruka lina mu Julayi. Tinakwera phiri la Zomba mpaka ku Ku Chawe, ulendo wanga woyamba kufika pamwamba osatsika panjinga, ndipo ndinali wonyada. Tili konko chiperoni chinabwera, nkhungu ndi kamvula kowaza. Ndinavala magolovesi a ubweya ochindikala omwe ndinatenga m'thumba, zala zitauma kale ndi kuzizira. Anzanga anatsogola, ine ndinatsalira dala kuti nditsike pang'onopang'ono.

Msewu umenewo mukuudziwa, makona ake ndi otsatizana. Ndinali pa ma hood, zala zitatu mbali iliyonse zikukoka liva chapamwamba, pafupi ndi pomwe imapindikira, pomwe mphamvu yambiri imagwira pang'ono. Malimu anali atanyowa, ndipo labala wa buleki akakhudza limu yonyowa amayamba wapukuta madzi asanagwire. Patangotha mphindi zochepa mikono inayamba kuotcha. Ndinamva mphamvu ikutha m'zala, njinga ikuwonjezera liwiro ine ndikufinya ndi mtima wonse. Ndinaganiza zotsikira ku ma drop. Ndinasuntha dzanja lamanja, chala chinasakasaka liva osaipeza, ndipo pa kamphindi kameneko buleki imodzi inali itamasuka. Pakona panali bambo akutsitsa njinga yosenza nkhuni, akuyenda pambali pake. Ndinamupewa, tayala linalowa m'miyala ya m'mphepete, ndinagwa chamanzere dzanja lili patsogolo. Ndikukumbukira fungo la paini wonyowa ndi tayala lakumbuyo likuzungulirabe m'mwamba. Bamboyo anatsamiritsa nkhuni zake pakhoma la msewu n'kuthamangira pomwe ndinali. "Mayi, musadzuke msanga, khalani kaye," anatero, atandigwira paphewa. Helemeti inang'aluka. Ikanapanda imeneyo sindikudziwa kuti nkhaniyi akanalemba ndani.

Fupa la pamfundo ya dzanja lamanzere linasweka. Kujambula ndi kumanga chikhakha pa chipatala china cholipira zinanditengera K65,000, ndipo ndinakhala nacho milungu 6. Kuphika, kuchapa, kusambitsa mwana, zonse zinagwera bambo akunyumba ndi mng'ono wanga. Bambo akunyumba sanakalipe, anangoti usiku wina, "Njinga ija tingoigulitsa, moyo ndi umodzi." Ndinalira, chifukwa ndinkaopanso njingayo koma sindinkafuna kuisiya. Chomwe chinkandiwawa kwambiri n'choti ndinkadziona ngati wolephera, kuti mwina masewerawa si a anthu ngati ine.

Ndili m'chikhakha ndinayamba kuwerenga pa foni, ndipo mtima unatsika nditaona kuti vutoli ndi lodziwika, lili ndi dzina. Mtunda wochokera pa handulo kufika pa liva amautcha reach, ndipo maliva ambiri a masiku ano ali ndi kasikuluu kobisika pansi pa labala komwe ukapotokola liva imayandikira. A SRAM amalola kuyandikitsa liva ya buleki payokha ndi kosinthira giya pakokha. A Campagnolo ali ndi kabatani kosinthira giya ndi chala chachikulu cham'kati. Shimano inapanganso maliva a manja aang'ono, monga ST-R7025 ndi ST-4725, koma amenewo ndi a mabuleki a disiki oyendera mafuta, ndipo felemu yanga ndi ya mabuleki ofinya limu, choncho sanali anga. Ndinawerenga kuti maliva a Shimano otchedwa Tiagra 4700 ali ndi kasikuluu kaja. Njinga yanga inalembedwanso Tiagra. Ndinangoti basi, ndapeza.

Ndinatumiza uthenga kwa achimwene anga omwe amagwira ntchito ku Johannesburg. "Achimwene, mundisakireko maliva awa, ndalama nditumiza." Anawapeza ogwiritsidwapo kale ntchito pa R2,300, yomwe nthawi imeneyo inanditengera pafupifupi K150,000. Anapatsira munthu wobwera pa basi, ndinalipira K15,000 yonyamulira. Anati afika pakatha sabata imodzi, koma munthuyo anasintha tsiku la ulendo kawiri, ndipo katunduyo ndinamulandira ku Blantyre patatha milungu inayi, chakumapeto kwa Okutobala.

Ndinapita nawo kwa mnyamata wokonza njinga pafupi ndi kwathu, waluso ndithu pa njinga za kabaza. Anamanga, anaika makebulo atsopano ndi tepi yatsopano, K18,000. Buleki inayandikiradi titapotokola kasikuluu, ndipo ndinasangalala kwa mphindi zisanu. Kenako tinayesa magiya. Tcheni inkalumpha, inkalira, ukakonza giya ya pamwamba ya pansi imasokonekera. Mnyamatayo analimbana nazo masiku awiri. Tsiku lachiwiri anawerenga masipuloketi akumbuyo, timbale ta mano tomwe tcheni imakwerapo, ndi chala, mmodzimmodzi, n'kundiyang'ana. "Asisi, apa pali 9. Liva yanuyi ndi ya 10."

Dzina linali lomwelo koma m'badwo wosiyana. Njinga yanga inali ya magiya 9 kumbuyo, maliva omwe ndinagula anali a magiya 10. Liva ikalira kamodzi imakoka kebulo mlingo woikika, ndipo mlingowo uyenera kugwirizana ndi mpata wa pakati pa masipuloketi komanso ndi derailleur, kachipangizo kaja kokankha tcheni. Kuwonjezera apo, 4700 imakoka kebulo mosiyana ngakhale ndi zida zakale za magiya 10 za kampani yomweyo. Kuti malivawo agwire ntchito ndinkafunika masipuloketi ena, tcheni ina, ndi ma derailleur onse awiri. Wopanga sanabise zimenezi, zinalembedwa poyera, ine ndi amene ndinawerenga mbali yokhayo yomwe ndinkafuna kumva. Musanatumize ndalama kulikonse, gwadani muwerenge masipuloketi a tayala lakumbuyo, muwerenge magiya akutsogolo ngati ndi awiri kapena atatu, kenako mupinde labala wa pa liva muone nambala yomwe inadindidwa pambali. Nambala imeneyo ndiyo dzina lenileni la liva yanu.

Ndikuwerengera mtengo wa zida zotsalazo, mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Chilichonse chochokera kunja chinakwera nthawi imodzi. Njinga ndinaikankhira kuseri kwa chitseko, ndipo inakhala pamenepo mwezi wathunthu ikutola fumbi.

Zinthu zinatembenuka mu Disembala. Mmodzi mwa anzanga aja anandiuza za bambo wina wachikulire ku Blantyre amene wakhala akukonza njinga za ochita mpikisano kwa zaka zambiri. Ndinachotsa matayala, ndinakwera minibasi ndi njinga yanga, maliva akale ali m'jumbo. Malo ake ndi kakhonde chabe, makiyi atapachikidwa pa misomali. Ndinayamba kufotokoza za magiya 9 ndi 10, koma anandidula mwaulemu. "Mayi, zimenezo tiziona. Tandionetsani kaye dzanja." Anaika chikhatho chake pa changa, zala zake zinapitirira zanga ndi mfundo yathunthu. Kenako anabwezeretsa maliva akale, anatsamiritsa njinga pakhoma, anandiuza kuti ndikwere ndigwire ku ma drop. "Tambasulani chala cha mkombaphala. Chikhatho chisasunthe. Ndikufuna liva igone pa mfundo yoyamba ya chala, osati pansonga." Panatsala mpata woti chala china n'kulowapo.

Chinthu choyamba chomwe anachita sichinafune ndalama. Anandionetsa kuti mwini wake wakale anapendeketsa handulo chakumwamba n'kumanganso maliva pamwamba kwambiri, mwina pofuna kukhala mowongoka, ndipo mnyamata wa kwathu uja anangotsatira zizindikiro zakalezo. Maliva akakwera motero, nsonga zake zimathawa kutali ndi ma drop. Anamasula handulo n'kuibweza kuti kunsi kwake kukhale pafupifupi mofanana ndi nthaka. Anapinda labala, analowetsa kasipanala kotchedwa alenki, ka 5 mm, anatsitsa liva iliyonse pang'ono potsata kupindika kwa handulo. Ankatsitsa, ine n'kukwera, n'kutsika, iye n'kusunthanso. Anandichenjeza kuti ukatsitsa mopitirira, dzanja limapindikira pansi ukakhala pa ma hood, ndiye umangosinthanitsa vuto ndi vuto. Tinayesa kanayi tisanapeze pakati. Mpata uja unachepa ndi theka.

Chachiwiri ndi chomwe ndimachikumbukira kwambiri. Anafinya liva n'kundionetsa kamphako komwe kamatseguka pamwamba pake. Anati maliva a m'badwo umenewo alibe kasikuluu, koma akakhala atsopano amabwera ndi timphira tomwe umalowetsa pamenepo kuti liva isabwerere mpaka kumapeto. Njinga ikadutsa m'manja mwa anthu awiri atatu, timphirato timakhala titatayika kalekale, ndipo wogula sadziwa n'komwe kuti tinaliko. Anatenga patapata wakale, anadula tizidutswa tiwiri ndi lezala, anatisema kuti mbali imodzi ikhale yopyapyala, ina yochindikala, kuyesa, kupala pang'ono, kuyesanso, kenako anatimata ndi guluu wa zigamba za chubu. Nditakweranso, chala chinapita chokha n'kukola liva pa mfundo yoyamba. Chapakati nachonso chinafika. Ndinakhala chete pa njingapo kwa kanthawi, misozi ili m'maso, ndikuganiza za kona ija.

Iye sanalole kuti ndinyamuke pomwepo. "Tikayandikitsa liva, ulendo wake wafupika. Tikasiya chonchi igunda handulo buleki isanagwire, ndipo mukagwa koposa poyamba." Apa ndi pomwe ambiri odzipangira okha amalakwitsa. Anakoka kebulo kuti malabala a buleki akhale pafupi kwambiri ndi limu. Kuti zimenezo zitheke limu iyenera kukhala yowongoka, ndiye anakhala theka la ola akumanga masipoko, tayala likuzungulira, iye akuyang'ana ndi diso limodzi. Anachotsa malabala akale omwe anali atauma ngati mwala, anaika atsopano, anatsuka malimu. Anasintha makebulo pamodzi ndi mapaipi ake, chifukwa mnyamata uja anasintha mawaya okha n'kusiya mapaipi akale a dzimbiri m'kati, ndipo dzimbirilo limadya mphamvu yomwe dzanja laling'ono lilibe yotaya. Pomaliza anati ndifinye ndi mphamvu zanga zonse. Pakati pa liva ndi handulo panatsala mpata wa chala. "Mpata umenewu muziuyang'ana musananyamuke ulendo uliwonse. Ukatha, labala wadyeka kapena kebulo yatamuka."

Anandifunsanso funso lomwe palibe anandifunsapo: buleki yakutsogolo ili dzanja liti? Njinga zochokera ku Britain nthawi zambiri yakutsogolo imakhala kumanja, za ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya imakhala kumanzere, ndipo kuno timalandira zonse mosakaniza. Yanga inali kumanzere, dzanja lomwe linathyoka. Poti buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, tinaisamutsira kumanja komwe kuli mphamvu. Ndinatenga masiku angapo ndikuyeserera pa bwalo la mpira kuti mutu uzolowere ndisanalowe mumsewu.

Ntchito yonseyo, pamodzi ndi malabala, makebulo ndi tepi yopyapyala, inakwana K27,000. Minibasi kupita ndi kubwera, ndi malo a njinga, K14,000. Ndikayerekeza ndi zomwe ndinataya pa maliva osayenera ndi kuchipatala, mtima umandipweteka mpaka lero, chifukwa chitetezo chomwe ndinkachisaka ku Johannesburg chinali m'patapata wakale ku Blantyre.

Asanandilole kupita anandiyeza mapewa ndi tepi, kuchokera pa kafupa kosongoka ka phewa lina kufika pa linzake. Anapeza masentimita 36. Handulo yanga inali ya 42, yakuya, ya kapangidwe kakale. Ndi handulo yotambalala chotero manja amatseguka ngati ukukankha wilibala, mfundo za manja zimapindikira kunja, zala n'kutalikirana ndi maliva. Anati ndisake ya 38 ya mtundu womwe amati compact, yomwe kupindika kwake ndi kwakufupi, kutsogolo pafupifupi 70 mpaka 80 mm ndi kutsika pafupifupi 125 mm. Pa handulo yotere chikhatho chimakhala pafupi ndi liva mwachibadwa. Anandikumbutsa kuyeza kunenepa kwa pakati pomwe handulo imamangidwa, chifukwa zambiri za masiku ano ndi 31.8 mm pomwe zakale zambiri ndi 26.0 mm, ndipo sizilowana. Komanso makampani ena amayeza m'lifupi kuchokera pakati pa paipi, ena kuchokera kunja, ndiye 38 ya uyu si 38 ya uyo. Ulendo uno ndinafunsa wogulitsa kuti aike tepi yoyezera pa handulo n'kunditumizira chithunzi. Ndinaipeza mu Januwale 2024 kwa wokwera njinga wina wa ku Lilongwe pa K45,000. Dzanzi lija linatha patangopita milungu iwiri chiikireni handuloyo, ndipo silinabwerenso.

Vuto limodzi linatsala. Kuti ukweze tcheni pa giya yaikulu yakutsogolo, liva yamanzere uyenera kuikankhira m'kati ulendo wautali, ndipo kuyandikitsa liva sikufupikitsa ulendo umenewo. Zala zanga zinkathera panjira, ndinkamalizitsa ndi kupotoza dzanja lonse, ndipo fupa lothyoka lija linkabaya. Ndinayesa kupirira miyezi iwiri. Ndinaganizapo zoika handulo yowongoka ngati ya njinga za m'mapiri, koma pamafunikanso maliva ena ndi zosinthira magiya zina, ndipo ndinali nditayamba kukonda ma drop. Bambo aja anatchulanso timaliva towonjezera tomwe amamanga pamwamba pa handulo, pa kebulo yomweyo ya buleki. Timathandiza m'tauni ndiponso kwa amene akuphunzira, koma pa vuto langa la giya sitikanasintha kanthu. Magiya a batire, ongodina kabatani, akanathetsa zonse, koma mtengo wake ndi wa njinga zingapo.

Tinagwirizana za maliva a Shimano otchedwa Sora R3000, yomwe ndi ya magiya 9 ngati njinga yanga, ili ndi kasikuluu ka reach, ndipo makebulo ake amadutsa pansi pa tepi. Ulendo uno sindinatumize uthenga ndekha. Ndinakhala pakhonde paja, bamboyo ndi ine tinatsegula tchati cha wopanga chosonyeza zida zomwe zimagwirizana, ndipo mpomwe ndinaphunzira kuti maliva a m'badwo watsopano amakokanso kebulo ya buleki mosiyana ndi akale. Ukawaphatikiza ndi mabuleki akale mphamvu yake siikhala momwe iyenera kukhalira, ndipo ine sindinkafuna kuyesa mwayi pa buleki kachiwiri. Tinalemba mndandanda wa manambala: maliva awiri, mabuleki awiri, derailleur yakutsogolo. Yakumbuyo inali yogwirizana, sitinaisinthe. "Achimwene, musagule musananditumizire chithunzi cha nambala," ndinawauza. Anapeza zonse kwa munthu yemwe ankakweza njinga yake, pa R3,000, yomwe tsopano inali pafupifupi K310,000. Maliva a magiya 10 aja ndinawagulitsa K110,000, ndalama yochepa kuposa yomwe ndinagulira, komanso ya kwacha yofooka kale. Katundu anafika mu Epulo, patatha milungu itatu.

Ndinene mosabisa, kugula komalizaku sikunali kofunika pa chitetezo. Chitetezo ndinachipeza tsiku lija la patapata. Dzanja langa lamanzere likanakhala losavulala, ndikanakhala ndi maliva akale aja mpaka lero, ndalamayo n'kulipirira mwana fizi. Koma maliva atsopanowa ali ndi mutu wowonda womwe dzanja langa limauzinga, giya yakutsogolo imakwera mosavuta, ndipo nyengo yozizira ndikavala magolovesi ndimangopinda labala n'kupotokola kasikuluu pang'ono. Magolovesi a ubweya aja ndinawasiya, ndinagula opyapyala ogwira bwino, chifukwa nsalu yochindikala imafupikitsa chala ngati momwe tepi iwiri inachitira.

Ndikaphatikiza zonse, kuchipatala, maliva olakwika, maulendo, handulo, helemeti ina ndi zida zomaliza, n'kuchotsapo zomwe ndinagulitsa, ndinawononga ndalama yoposa mtengo wa njinga yeniyeniyo.

Ku Ku Chawe ndinabwererako mu Meyi 2024, tsiku la dzuwa, ndipo ndinapempha mnzanga mmodzi kuti atsike kumbuyo kwanga, osati kutsogolo. Ndisananyamuke ndinafinya maliva onse awiri n'kuona mpata wa chala uja. Ndinagwira ku ma drop kuyambira pamwamba, chala chimodzi pa liva iliyonse. Mawondo ankanjenjemera pa makona awiri oyamba. Ndinachita monga anandiphunzitsira bambo aja, kufinya mwamphamvu msewu ukadali wowongoka, kumasula polowa m'kona, osati kukoka pang'onopang'ono njira yonse mpaka mikono kutopa. Nditayandikira kona yomwe ndinagwera ndinafuna kudziwa ngati ndingaime, ndiye ndinafinya. Njinga inaima pomwe ndinafuna, kutatsala mtunda wautali kuti ndifike pa miyala ija. Ndinatsitsa phazi, ndinapuma, mnzanga anaima pambali panga osalankhula. Kenako tinapitiriza mpaka m'tauni, ndipo nditatsika zala zonse zinali ndi moyo.

Maliva akale aja, ndi timphira take ta patapata, sindinawagulitse. Mu Juni kunabwera mtsikana wa zaka 15 amene wayamba kukwera nafe pa njinga ya malume ake, ya magiya 9, liva yake imodzi itathyoka. Ndisanamufunse china chilichonse ndinamutsamiritsa pakhoma la sitolo, ndinamuuza kuti agwire ku ma drop atambasule chala. Sichinafike. Loweruka lotsatira tinakwera minibasi limodzi kupita ku Blantyre, malivawo ali m'jumbo.